Wayilesi ya agogo si yoyeza pa sikelo

Abale anga a kuno kumudzi, ndi inu a m'tauni amene mumawerenga zangazi muli mu minibasi, lero za thonje ndi mitengo ya chitowe tiziike kaye pambali. Tikambe za anyamata ogula zitsulo aja, amene akuzungulira ndi njinga ndi kasikelo kuyambira pa Dyeratu mpaka ku Bangula. Mapoto obooka, makasu otha, zimenezo agule, ndilibe nazo mawu. Koma mawayilesi akale ndi maampulifaya a mababu amene makolo athu anabwera nawo kuchokera ku Joni, ku Salisbury ndi ku Bulawayo, ayi ndithu, amenewo si oyeza pa sikelo. Chimene mnyamatayo akufuna ndi waya wa kopa uli mu thiransifoma basi. Akangofika pamthunzi amaphwanya ndi hamala, kopa m'thumba, zotsalazo kutchire.

Ndikudziwa kuti njala ikalowa m'nyumba munthu safunsa zaka za chinthu. Amene anagulitsa pambuyo pa Freddy mu 2023 sindikuwaweruza, ana amafunika kudya. Ndikulankhula ndi inu amene mukugulitsa chifukwa choti chikukutherani malo kuseri kwa bedi, kapena chifukwa mwana wa ku Blantyre wabwera pa holide n'kunena kuti "tayani zachikale izi".

Achinyamata amene munapeza foni ili kale m'thumba, mvetserani. Ma transistor asanafale, chimene chinkakuza mawu mu wayilesi chinali babu lagalasi, Azungu amati valve. Mukayatsa, simumva kanthu msanga. Mababu aja amayamba afiira ngati khala, kenako mawu n'kumabwera pang'onopang'ono. Ndipo zimenezi sizinali za Azungu okha. Mu 1949 kampani ya Ever Ready inapanga wayilesi ya mababu yoyendera batire, yobulungira ngati sefuliya, yopakidwa utoto wabuluu, dzina lake Saucepan Special. Inkagulidwa mapaundi 5, batire lake padera. Anaipangira anthu a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland kuti azimvera siteshoni ya ku Lusaka, imene inkaulutsa m'Chinyanja, Chibemba ndi zinenero zina, kumene Alick Nkhata ankaimba ndi kuulutsa mawu. MBC yathuyi inadzabwera mu 1964. Ndiye ngati m'nkhokwe mwa agogo muli kasefuliya kabuluu kokhala ndi timakono tiwiri, mukamupatsa wa sikelo mwataya chinthu chimene chinayamba kulankhula Chinyanja dziko lino lisanatchedwe Malawi.

Yanga si wayilesi, ndi ampulifaya. Ndinaipeza pa msika wa Ngabu itamangidwa pa kaliyala ya wa sikelo, ndipo ndinaiombola ndi ndalama yosakwana nkhuku ziwiri. Mnyamatayo, ataona kuti ndaifuna, anayamba kuimba kuti ndi ya nthawi ya nkhondo ya Hitler. Wogulitsa aliyense amatero. Chinthu chokhacho chimanena zaka zake mukachiyang'ana bwino, ndipo pano ndiye ndikufuna ndikhalitsepo.

Kachitsulo ka dzina kanali katagwa kale, kumbuyo kutangotsala mawu oti Made in England. Tinatsegula ndi mmisiri wina wachikulire wokonza mawayilesi, woti anaphunzira ntchitoyi mababu akadalipo. Poyamba anawerenga zolembedwa pa mababu: awiri EL84, ena ECC83, limodzi EZ81. Babu la EL84 linatuluka mu 1953, nkhondo ija inatha mu 1945. Nkhani ya Hitler inathera pomwepo. Kenako anasenda chingwe cha magetsi n'kupeza mawaya atatu, wofiira, wakuda ndi wobiriwira. Imeneyo ndi mitundu yakale ya ku Britain. Cha m'ma 1970 anasintha n'kuyamba wabulauni, wabuluu ndi wobiriwira wamizere yachikasu, monga mukuonera pa ayironi ya lero. Tinatsala pakati pa 1953 ndi 1970. Chimene chinamaliza mlandu ndi kachitini ka aluminiyamu kotchedwa kapasita, kamene anadindapo mwezi ndi chaka: 1961. Mmisiriyo anandichenjeza kuti umboni umodzi sukwanira, poti babu limasinthidwa, chingwenso chimasinthidwa. Koma kapasita ija malo ake owotcherera anali osakhudzidwa chiipangireni, ndipo maumboni atatu akaloza kumodzi, ndiye kuti ndi komweko.

Inu amene muli ndi wayilesi zanu n'zosavuta kuposa apa, chifukwa galasi la kutsogolo lija, posakira masiteshoni, limaulula zambiri. Mukaona palembedwa Leopoldville, dziwani kuti mzindawo unasanduka Kinshasa mu 1966. Lourenço Marques inasanduka Maputo mu 1976, Salisbury inakhala Harare mu 1982. Kumbuyo kukalembedwa Federation of Rhodesia and Nyasaland, ndi zapakati pa 1953 ndi 1963, nthawi ya chitaganya chimene a Kamuzu anabwera kudzaphwasula. Manambala akakhala ndi kc/s m'malo mwa kHz, imeneyonso ndi yakale. Ma Supersonic ankapangidwa ku Bulawayo. Nzeru yathu ya ku Blantyre ija ndi yam'mbuyo, ya ma transistor, ilibe mababu, koma nayonso musaitaye. Ndiye funsani akuluakulu akadali moyo. Gogo akakuuzani kuti mwamuna wawo anabwera nayo ulendo womaliza wa Wenela, mwapeza malire: ndege itagwa ku Francistown mu April 1974 n'kupha anthu athu ochokera ku migodi, a Kamuzu anaimitsa Wenela. Lembani zimenezo pa kapepala muike m'kati mwa bokosilo.

Tsopano chimene chimandiopsa. Munthu akapeza chinthu chotere, dzanja limathamangira ku soketi kuti aone ngati chikulira. Chonde musatero. Chakhala zaka makumi angapo m'kutentha kwa kuno ku chigwa, labala ya pa mawaya inauma n'kumayoyoka, makoswe anatafuna, mavu anamangamo nyumba zawo zadothi. Zina zinamizidwa ndi madzi a 2015, zina a Idai mu 2019, zina a Ana mu 2022, matope akadali m'kati. Mukangolumikiza, kapasita yowuma ija imatha kuphulika kapena kuwotcha thiransifoma, ndipo thiransifoma ikapsa ndiye kuti mwamugwirira ntchito wa sikelo uja. Choopsa kwambiri n'chakuti m'kati mwa ampulifaya ya mababu mumayenda mavolti opitirira 300, kuposa 230 ya pakhoma, ndipo makapasita amatha kusunga moto umenewo ngakhale mutazula pulagi. Mawayilesi ena akale alibe n'komwe thiransifoma, chitsulo chake cham'kati chimalumikizana ndi magetsi a pakhoma. Mwana akagwira pamenepo ali chosavala nsapato pa dothi lonyowa, tikamba za maliro. Mwana wa sukulu wodziwa kusintha sikirini ya foni asayese, iyi ndi ntchito ina.

Mmisiri uja anachita motere. Anapukuta fumbi ndi burashi youma, n'kuiika padzuwa masiku angapo kuti chinyezi chituluke. Anayeza thiransifoma zonse ziwiri ndi mita asanalumikize kalikonse, poti zikanapezeka zakupsa sakanadya ndalama yanga. Timakapasita tapepala topaka phula anatichotsa tonse osafunsa, akuti timeneto tikakalamba timadontha magetsi n'kupsereza mababu. Anaika chingwe chatsopano cha mawaya atatu ndi fyuzi yoyenera, osati kawaya kopinda kamene timakonda kuno. Tsiku loyatsa anadutsitsa magetsi mu babu lakale la 60 watts, lagalasi lija, kuti ngati muli shoti babulo liwale kwambiri m'malo moti ampulifaya ipse. Ndipo anayamba walumikiza sipika, chifukwa ampulifaya ya mababu mukaiimbitsa popanda sipika mumapha thiransifoma ya mawu. Mababu onse anali amoyo. Anthu amaganiza kuti babu ndiye limayamba kufa, koma nthawi zambiri ndi timakapasita totchipa tija.

Achimwene anga a ku Ndirande anandiseka pa foni. Akuti ndalama imene ndaika pamenepa ndikanagula sipika ya Bluetooth ya ku China, yolira mpaka kutsidya kwa Shire, yotchaja pa kasola. Sakunama. Ampulifaya yangayi mphamvu ya mawu ake sipitirira 15 watts, koma imadya magetsi ngakhale ili chete, poti mababu ayenera kukhala otentha nthawi yonse. Pa batire la sola ndi inveta yaing'ono mumaona nokha batire likutsika. Mu October kuno, kutentha kwa ku Nsanje kuja, m'nyumba mukawonjezamo mababu asanu ndiye kaya. Ndipo tonse tikukumbuka mdima umene unagwa Ana atawononga pa Kapichira. Pa ukwati, pa maliro, pa msonkhano wa kalabu ya alimi, tengani ya China yomweyo. Ine sindikuuza munthu kuti agulitse mbuzi akonzetse wayilesi.

Pamene ndikusiyana ndi achimwene ndi apa. Masipika a China aja m'mudzi muno tataya angati? Akafa, mmisiri amatsegula, n'kupeza kabolodi kamodzi kodinda, n'kukubwezerani. Ya 1961 ija chilichonse chili poonekera, chimachotsedwa ndi kuwotchereredwa ndi dzanja. Mababu ake akupangidwabe mpaka lero ku Slovakia, ku Russia ndi ku China, chifukwa oimba magitala kunjaku amawafunabe. EL84 yomweyi ndi imene ili mu ampulifaya ya Vox AC30 imene a Beatles ankaimbira. Ndiye chinthu choti kwina anthu amachisakasaka, ife tikuchipereka pa mtengo wa kopa. Ngakhale mutafuna kugulitsa, n'chanu, koma dziwani kaye dzina lake ndi chaka chake, mujambule kutsogolo, kumbuyo ndi manambala a mababu, mutumize kwa abale a m'tauni afufuze. Amene ali ndi intaneti ndi inu a m'tauni, thandizani pamenepa m'malo mongoti tayani.

Palinso nkhani ya mwini. Wayilesi imene malume anabwera nayo ku Wankie si ya mdzukulu amene akugona m'nyumbamo yekha. Munthu uja anasiya mkazi ndi munda zaka ziwiri, kukumba malasha pansi pa nthaka, n'kubwera ndi sutikesi, jekete ndi wayilesiyo. Jekete linatha, sutikesi inadyedwa ndi chiswe. Musanaitane wa sikelo, itanani kaye azakhali ndi amalume otsalawo muwafunse.

Mvula ili pafupi. Amene muli nazo ndipo ndalama yokonzera palibe, palibe vuto, sizithawa. Zichotseni pansi, zikulungeni mu nsalu youma, muziike pamwamba pomwe mumaika mbewu ndi ziphaso madzi akamabwera. Musazule mababu, ana angawayese zidole. Yangayi ikulira, koma ikung'ung'udza pang'ono chifukwa kapasita yaikulu ya 1961 ija yatopa, ndipo ku Limbe sitinaipeze yofika mphamvu yake. Inu a ku Joni amene mukubwera pa Khirisimasi, ndikufuna ziwiri za 32 µF, 450 V. N'zazing'ono, zikwana m'thumba la malaya, ndalama mudzaipeza kuno.