Mlimi Apume, Khasu Linoledwe

Anzathu a m'koperativa, tiyeni tikambirane za kupuma.

Ambiri a ife timachita manyazi kukhala pansi m'munda wa gulu. Timaopa kuti anzathu atinena ulesi. Choncho timalima osalekeza kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa lifike pa liwombo. Chizolowezi chimenechi chikutiwonongera mbewu ndi matupi omwe.

Taonani nthawi yopalira. Chimanga chimafuna kupalira koyamba pakatha masabata 2 kapena 3 chitamera. Apa mbewu ikadali yaing'ono, udzu uli nayo pafupi. Ntchitoyi imafuna maso. Mizere yoyamba munthu amapalira bwino. Koma msana ukayamba kuwawa, thukuta n'kumalowa m'maso, khasu limangogwa paliponse. Limadula chimanga, limasiya udzu. Mbewu yodulidwayo siidzalowa m'nkhokwe. Nthawi yotopa yomweyo ndi imene khasu limatema phazi.

Palinso dzuwa. M'chigwa cha Zambezi, ku Tete ndi ku Moatize, kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, nthawi yokonza minda. Ku mapiri a Angónia kumazizirako, komabe dzuwa la masana silisewera. Mutu ukamawawa, mukamva chizungulire, minofu ikamakokana, kapena mkodzo ukakhala wochepa ndi woderapo, dziwani kuti madzi achepa m'thupi. Munthu wotere akapitiriza kulima akhoza kukomoka. Kusowa madzi tsiku ndi tsiku kumavulazanso impso.

Wina anganene kuti: “Tikamapuma, ntchito ichepa.” Tamvani za odula nzimbe a ku El Salvador, dziko lotentha la ku America. Mu 2015 ena mwa iwo adayamba kupuma pa mthunzi mphindi zochepa pa nthawi zoikika. Adapatsidwa madzi okwanira ndi zikwanje zabwino. Nzimbe zimene munthu mmodzi ankadula pa tsiku zidachuluka. Akuluakulu adanena kale: kuthamanga si kufika.

Ndipotu ng'ombe zathu timazichitira chifundo. Dzuwa likakwera timazimasula pa goli, zimwe madzi, zibzikule pa mthunzi. Palibe amene amazinena ulesi. Nanga bwanji ife eni ake?

Wina anganenenso kuti: “Ena akakhala pansi sadzukanso.” Izi n'zoona, timawadziwa. Mankhwala ake ndi pangano. Kupuma kukhale kwa gulu lonse, nthawi imodzi. Tingachite motere:

1. Tikagwira ntchito ola limodzi, tipume mphindi 10. Masiku otentha kwambiri tiwonjezere.
2. Tisankhe munthu mmodzi woliza chitsulo popuma ndi poyambanso.
3. Tikhale pa mthunzi. Ngati m'munda mulibe mtengo, timange chisakasa.
4. Mtsuko wa madzi abwino kapena thobwa ukhale pafupi. Timwe pang'onopang'ono, osadikira ludzu. Kachasu sabwezera madzi m'thupi.
5. Ntchito yolemetsa tiigwire m'mawa ndi madzulo.
6. Ntchito ya munthu tiziiwerenga ndi mizere imene wapalira bwino.

Mphindi 10 zimenezi zili ndi phindu linanso. Mayi amayamwitsa mwana mosafulumira. Paja amayi akaweruka kumunda, kunyumba kumawadikira mtondo, nkhuni ndi madzi. Woliza chitsulo uja angathe kunola makasu obuntha. Maso akapuma amaona zimene adaphonya, monga mbozi pa masamba kapena mzere umene madzi agumula.

Pa msonkhano ukubwerawu, nkhaniyi tiiike pa bwalo. Tiyese kwa sabata imodzi pa ndime imodzi. Mlembi alembe mizere imene yapaliridwa tsiku lililonse ndi mbewu zimene zadulidwa. Tsopano tikudziwa kulemba ndi kuwerenga manambala. Tikatero tidzagamula tokha, titaona ndi maso athu.