*INJINI TIMAIPUMITSA, NYANJA TIMAIPUMITSA, NANGA THUPILI?*

Uthengawu ndi wautali monga mwa nthawi zonse, ndiye amene bandulo ikukuvutani muusunge, muwerenge mukakocheza.

Pali mawu amene amatuluka pa doko munthu akangotchula zopita ku loji kukapuma, kukalowa mu sauna kapena kukachititsa masaji. Wina amati "zimenezo n'za azungu." Wina amati "wayamba matama ameneyo." Ine maganizo anga ndi osiyana. Ngati pali anthu m'Malawi muno amene thupi lawo likufunika chisamaliro chotere, ndi ifeyo okoka chilimira. Wa mu ofesi tsiku lonse amakhala pampando wofewa, akhoza kudikira.

Ndiyambire pa ntchito yanga. Injini ya Yamaha ikayenda maola 100 imafuna sevisi. Timasintha oilo wa giya, timaona mapulagi, timatsuka kabuleta, timasuzumira impela. Impela ndi kalabala kakang'ono, koma ndi kamene kamapopa madzi oziziritsa injini. Kakatha, injini imasiya kukodza, imatentha, kenako yanoka. Mwini boti aliyense amadziwa zimenezi, ndipo ndalama ya sevisi amaitulutsa ngakhale akung'ung'udza. Koma munthu yemweyo mufunseni kuti msana wake unapuma liti. Akusekani.

Nyanja nayo timaipumitsa. Boma limatseka makoka ena kuyambira 1 November kuti chambo chiswane. Ku chilumba cha Mbenji ku Salima, a Senior Chief Makanjira ndi anthu awo amatseka usodzi miyezi ya dzinja, kuyambira December mpaka cha mu April, ndipo mwambowu unayamba kale m'ma 1950. Pachilumbapo mowa ndi njuga n'zoletsedwa. Akatsegula, nsomba zimaphedwa zoti aliyense amavomereza. Ndiye nzeru yopumitsa chinthu kuti chikhalitse tili nayo kale. Chimene timachimana mpumulo ndi thupi lokhali, lomwenso sitolo ya sipeya yake kulibe.

Tsopano za ku Mzimba. Kum'mwera kwa bomali, m'mapiri a Viphya, kuli malo otchedwa Luwawa Forest Lodge. Ochokera ku Nkhotakota ngati ine timadzera M18 mpaka pa Kasungu, n'kukwera M1 kudutsa pa Jenda. A ku Nkhata Bay mumadzera ku Mzuzu n'kutsika ndi M1 yomweyo kudutsa Chikangawa. Mumapatuka pa tala n'kulowa msewu wafumbi wa m'nkhalango. Kumeneko kuli damu la Luwawa, mitengo ya paini, njira zoyenda pansi ndi za njinga, malo ogona, malo okhoma tenti, komanso sauna yotenthetsa ndi nkhuni.

Chimene chimayamba kukugwira ukafika ndi mphepo. Nyanja yathu ili pa mamita pafupifupi 470 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe mapiri amenewa amapitirira mamita 1,500. Mwezi wa October, ife kuno tikugona pamchenga chifukwa m'nyumba simukugoneka, kumeneko usiku umafuna bulangete. Chachiwiri ndi bata. Kulibe jenereta ya pa doko, kulibe sipika ya pa bala, kulibe wokudzutsa 2 koloko usiku kuti injini yakana kulira pakati pa nyanja. Munthu umagona mpaka thupi lokha linene kuti basi zakwana. Ambirife tulo totere tinatisiya tili ku pulayimale.

Nkhalango imeneyi ili ndi mbiri yokhudza kwathu. Boma linadzala paini wochuluka kuyambira m'ma 1960, mahekitala oposa 50,000, ndi cholinga chomanga fakitale ya zopangira mapepala ku Chintheche, m'mbali mwa nyanja. Fakitaleyo sinamangidwe. Lero mbali yaikulu ya mitengoyo inatha ndi macheka komanso moto. Zomwe zinachitikira chambo ndi zomwezo, kukolola osapumitsa.

China chimene chimandipatsa maganizo n'chakuti alendo ena amanyamuka pa Luwawa wapansi, masiku angapo, kutsika mapiri mpaka kufika kunyanja kwathu kuno. Kwa iwo nyanja ndiye mankhwala. Amalipira ndalama kuti agone pamchenga womwe ife timayanikapo maukonde. Kwa ife nyanja ndi kuntchito, ndipo palibe amene amapumira kuntchito kwake. Ukakhala pa doko, ngakhale tsiku loti mwera waletsa maboti, umapezeka ukusoka ukonde kapena ukukangana za ngongole ya mafuta. N'chifukwa chake ndikuti wa kunyanja akafuna kupuma zenizeni akwere phiri.

Nanga sauna n'chiyani? Ndi kachipinda kamatabwa, mkati muli mbaula ndi miyala yotentha. Umathira madzi pang'ono pamiyalapo, nthunzi imakwera, thukuta limatuluka, minofu imamasuka. Ukatuluka umasamba madzi ozizira. Mawuwa ndi a ku Finland, dziko la anthu pafupifupi 5.5 miliyoni lomwe lili ndi ma sauna pafupifupi 3 miliyoni. Kumeneko sauna amalowa alimi, asodzi ndi odula mitengo akaweruka. Mawu oti spa nawonso ndi dzina la tauni ina ku Belgium komwe kuli akasupe amene anthu ankapitako kukasamba.

Ndiye tandiuzani, chachilendo n'chiyani pamenepa? Agogo athu akaona munthu thupi laphwanya ankawiritsa masamba, kumufunditsa bulangete pamwamba pa mphika kuti afukize. Ukabinya mwendo, amayi ankaviika nsalu m'madzi otentha n'kukuthowa. Ku Nkhotakota tili ndi akasupe otentha a pa Mawira, ku Rumphi kuli a pa Chiweta. Anzathuwa anangotenga zomwezi, kuzimangira nyumba yaukhondo, kuikapo thawulo loyera ndi mtengo wake. Tikamati n'za azungu, tikuwapatsa zinthu zomwe agogo athu ankazidziwa.

Ndikudziwa yankho lanu: "Aise, dola ili kuti?" Funsoli ndi loona, sindikulipeputsa. Mafuta akwera, thiransipoti yakwera, ndipo mitengo ya m'maloji ambiri anaiikira alendo a ndalama zakunja. Wina ali ndi fizi ya mwana, wina denga likudontha. Ameneyo ayambe zimenezo, ndipo aliyense wotenga katapila kuti akajambulitse mu sauna ine sindili naye.

Koma tisanamizane magaye. Tonse timaona zomwe zimachitika usipa ukagwa bwino. Ndalama ya mdima wonse imatha masiku atatu pa bala. Munthu amati akuchotsa kutopa, koma Lolemba amabwerera m'boti ali wotopa kuposa mmene anatsikira, m'thumba mulibe kanthu, mwinanso watengako matenda oti adzamwa nawo mankhwala moyo wonse. Ndalama yopumira ilipo ndithu, timangoipereka kolakwika. Mowa umangokuiwalitsa kuti msana ukupweteka, msanawo ukadali pomwepo. Zili ngati kumata tepi pa paipi ya mafuta yong'ambika n'kulowa nayo pakati pa nyanja.

Anzathu a ku Mzimba nawo nkhani yake ndi yomweyi. Mukazungulira pa boma, pa Jenda kapena ku Embangweni muona nyumba zamalata zokongola zomangidwa ndi ndalama ya ku Joni. Anyamata ake amagwira ntchito zaka osapuma kuti atumize kumudzi. Nyumba imaima, koma mwini wake nthawi zina amabwera thupi litatha. Iwo amagulitsa mphamvu ku Johannesburg, ife timagulitsa pa nyanja. Tonse katundu wathu ndi mmodzi, ndipo akatha sagulidwanso.

Maganizo anga ndi awa. Mwezi ukawala usipa sumabwera ku nyali, maboti ambiri amakhala kumtunda. Masiku amenewo ndi tchuthi chimene Mulungu anatipatsa kale. Gulu la boti limodzi, anthu 8 kapena 10, mukhoza kumasonkha kangachepe pa mdima uliwonse ngati chipereganyu, kamodzi pachaka n'kukwera phiri limodzi. Imbani kaye foni, funsani mitengo, funsani za tenti chifukwa imatsika mtengo kuposa chipinda, funsaninso ngati sauna ikuyatsidwa tsikulo. Tengani juzi. Mukafika perekani ulemu kwa eni dera, "monire" ndi "yewo" sizilipiritsa.

Mu sauna musalowe mutamwa mowa. Imwani madzi ambiri, khalani mphindi 10 kapena 15 n'kutuluka, osapikisana kuti mwamuna ndani. Amene muli ndi BP kapena vuto la mtima funsani kaye adokotala. Ndipo chonde, loji si chipatala. Ngati mukukodza magazi, ameneyo akhoza kukhala likodzo, ndipo mankhwala ake ndi praziquantel wa kuchipatala, nthunzi singamuchotse. Chifuwa cha masabata awiri, dzanzi m'miyendo, chotupa m'chinena chobwera ndi kunyamula injini paphewa, zonsezi n'za kuchipatala.

Amene ulendowu simungaukwanitse chaka chino, nzeru yake itengeni ulele. Tsiku limodzi pa mwezi wowala likhale lopanda ukonde, lopanda bala. Wiritsani madzi, thowani msana, gonani tulo tokwana, zimitsani foni. Ndipo achinyamata amene mukusaka chochita, alongo athu makamaka, tsegulani maso. Maloji a ku Chintheche, Kande, Senga Bay ndi Cape Maclear amalandira alendo ofuna masaji. Imeneyo ndi ntchito ya manja ngati yangayi, yofuna kuiphunzira bwino, ndipo tisiye kuinyoza ndi maganizo oipa.

Madala athu ambiri anasiya nyanja nsomba akuzifunabe. Mawondo ndi msana ndi zimene zinawatsitsa m'boti, ndipo lero akudalira ana. Iwo analibe wowauza. Ife tikudziwa maola a sevisi ya injini pamtima, ndiye tiwerengenso maola a thupili.

Amene mukutsutsa yankhani, tikambirane mwaulemu. Amene mwagwirizana nazo tumizani ku gulu la pa doko lanu, makamaka kwa eni maboti, chifukwa mlovi wopuma bwino ndi amene amakoka bwino. Mulungu akusungeni pamadzi.