Za Ziweto Zathu: Kodi Ndigule Keji ya Nkhuku?

Mlungu uno tidati tikambe za nazale, koma talandira kalata imene sitingathe kuigoneka. Walemba ndi bambo wina wa kufupi ndi Mtunthama. Akuti fodya wake wagulitsa ku Chinkhoma, ngongole ya feteleza wabweza, antchito walipira, ndipo kandalama kamutsalira. Mtima wake suli pa fodya monga kale, tsono afuna kuyesa nkhuku za mazira. Atapita ku Lilongwe adapeza amalonda alikugulitsa makeji a waya onyezimira. Adamuuza kuti keji imodzi ilowa nkhuku 120, kuti mazira amagubuduka okha kudza kunja, ndi kuti alimi otsogola a maiko akunja onse aweta chomwechi. Funso lake ndi lalifupi: "Kodi ndigule?"

Bambo, mwachita bwino kufunsa ndalama zikali m'thumba. Safunsa adadya phula. Ndipo popeza funso lanu lili pa milomo ya ambiri, tiyankha pano pabwalo kuti onse amve.

Poyamba tichifotokoze chinthuchi kwa amene sanachione. Keji ndi tizipinda ta waya tosanjikizana, tina pamwamba tina pansi. M'kachipinda kamodzi amaikamo matadzi 4 kapena 5. Pansi pake ndi waya wopendeka pang'ono, kuti dzira likagwa ligubuduke. Chakudya chili m'ngalande kutsogolo, madzi adzera m'kapaipi. Msoti ulowamo pamene uli pafupi kuyamba kuikira, ndipo sutulukanso kufikira tsiku lakuugulitsa, patapita chaka chathunthu kapena kuposapo.

Tisanamize anthu, zabwino zake zilipo. Mazira atuluka oyera. Nkhuku siponda zitosi zake, chotero njoka za m'mimba ndi nthenda yotsegula m'mimba ya magazi sizichuluka. Kabawi ndi vumbwe sazifikira. Munthu mmodzi akhoza kusamala nkhuku zambiri pa malo ochepa, ndipo thadzi losaikira alizindikira msanga. Ndi chifukwa chake makampani akuluakulu amakonda makeji. Wamalonda uja sananame pa zimenezi. Koma pamene adati maiko akunja onse aweta chomwechi, pamenepo adakuuzani nkhani ya dzana, ya lero n'kuisiya.

Makeji adawanda ku America ndi ku Ulaya itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo sipanapite nthawi anthu adayamba kudandaula. Mu 1964 mayi wina wa ku England, dzina lake Ruth Harrison, adalemba buku lotchedwa Animal Machines, ndiko kunena kuti nyama zasandutsidwa makina. Bukulo lidautsa mapiri pachigwa, kotero kuti Boma la kumeneko lidaika kabungwe kofufuza, kotsogozedwa ndi Professor Brambell. Mu 1965 kabungweko kadanena kuti chiweto chilichonse chiyenera kukhala ndi malo okwanira kuimirira, kugona, kutembenuka, kudzikonza thupi ndi kutambasula miyendo. Mu 1967 Peter Roberts pamodzi ndi mkazi wake Anna adayambitsa bungwe la Compassion in World Farming, lolimbana ndi kawetedwe kopanikiza nyama. Taonani, Roberts sanali munthu wa m'tauni wosadziwa fungo la khola. Anali mlimi wa ng'ombe za mkaka.

Dziko la Switzerland lidathetsa makeji a nkhuku mu 1992. Maiko a mgwirizano wa European Union adapanga lamulo mu 1999, napatsa alimi zaka zoposa 12 zakukonzeka, ndipo kuyambira pa 1 Januwale 2012 makeji a waya wokhawokha, onga amene mudaona ku Lilongwe, ngoletsedwa kumeneko. M'makeji amenewo thadzi limodzi linkapatsidwa malo osafika masentimita 24 mulitali ndi 24 mulifupi. Pepala limene amalembapo kalata ku ofesi ya DC ndi lalikulu kuposa pamenepo.

Makeji okulirapo, okhala ndi chisa ndi kamtengo kogonapo, adawalola, koma anthu sanakhutire. Mu 2018 mabungwe pafupifupi 170 adayamba kusonkhanitsa maina a anthu ofuna kuti makeji onse athe: a nkhuku, a akalulu, a nkhumba za bere ndi zoyamwitsa, ndi a ana a ng'ombe. Adasaina anthu pafupifupi 1,400,000. Mu Juni 2021 akuluakulu a mgwirizanowo adalonjeza kuti pofika kumapeto kwa 2023 adzabweretsa lamulo lothetsa makeji. Chaka cha 2023 chidatha lamulo osaoneka, ndipo mu 2024 eni pempholo adakasuma ku bwalo lalikulu la milandu la mgwirizanowo. Mukuona kuti ngakhale ku Ulaya lonjezo limachedwa panjira. Pafupi pompa ku South Africa mazira ambiri akali a m'makeji, koma ana athu ogwira ntchito ku Johannesburg akhoza kukuuzani kuti mazira a nkhuku zoyenda amawalemba pa bokosi, ndipo mtengo wake ndi wokwerapo.

Nanga chawavuta n'chiyani anthu onsewa? Yankho lili pabwalo panu pomwepo. Mawa khalani pakhonde muyang'ane thadzi lanu kuyambira m'mawa kufikira madzulo. Likatuluka, liyamba kupalasa, ndipo ntchito imeneyi liigwira pafupifupi tsiku lonse. Nthawi yakuikira ikafika, lifuna pamalo pobisika, m'nkhokwe kapena kuseri kwa mtondo, ndipo amayi adziwa momwe limavutira mukalitsekera khomo. Dzuwa likafika pamutu, likumba kadzenje m'fumbi kapena m'phulusa n'kumadzigubuduza, ndiko kusamba kwake kochotsa nsabwe ndi utitiri. Madzulo lifuna pokwera. Nkhuku ya kumafamu, ngakhale idaswedwa ndi makina ndipo sinaonepo make, chilakolako cha zinthu zinayi izi ili nacho chimodzimodzi. M'keji ya waya palibe ndi chimodzi chomwe chimene ingachite. Ikakhala pafupi kuikira imangozungulira, kuponda zinzake, kufuna pobisala osapapeza.

Sizithera pa chisoni chokha, thupi nalo limaonongeka. Thadzi la mtundu umenewu liikira mazira pafupifupi 300 pa chaka, ndipo chigoba cha dzira lililonse chitengako mchere wolimbitsa mafupa m'thupi mwake. Pakuti siliyenda, mafupa afooka, ndipo ena athyoka pozitulutsa. Amene mudagulapo nkhuku zotha kuikira zochokera m'makeji mudaona nokha: khosi lopanda nthenga chifukwa chokhuzana ndi waya, zikhadabo zazitali zopindika, miyendo yosafuna kuyenda.

Ganizaninso za mwezi wa Okutobala kuno kwathu. Nkhuku ilibe thukuta. Imadziziziritsa pakuyasama kukamwa, kutambasula mapiko ndi kuthawira pamthunzi. Tsono matadzi 5 m'kachipinda kamodzi, pansi pa denga la malata, atambasula bwanji mapiko? Kapaipi kakatseka tsiku limodzi, kapena mwana waiwala kuthira madzi m'thanki, nkhuku ya m'keji ilibe kwina kopita. Mazira atsika masiku ambiri, ndipo zina zifa.

Pano mutchere khutu, kuti wina asakanene pa mowa kuti nyuzi yati titsegule makola. Iyayi! Mbuzi yomasuka nthawi ya dzinja ndi mlandu kwa a mfumu. Nkhumba yoyendayenda ndi imene imatola ndi kufalitsa chigodola, nthenda yopanda mankhwala, ndipo ikadya zonyansa za kutchire nyama yake ikhala ndi mphutsi zimene zimadwalitsa anthu. Nkhuku zogona mumtengo zitha ndi vumbwe ndi akuba. Ngakhale amene alikulimbana ndi makeji ku Ulaya sanena kuti ziweto zisakhale ndi nyumba. Khola ndi keji n'zosiyana. M'khola labwino chiweto chiyenda, chitembenuka, chisankha pogona. M'keji chimangoima pamene mwachiika.

Inu Bambo a ku Mtunthama, chigafa muli nacho kale, ndipo mwati fodya mufuna kuchepetsa. Chimenecho ndicho khola lanu. Sesanimo zinyalala zonse za fodya. Mangani kakhoma ka njerwa kofika m'mawondo kuzungulira, ndipo kuchokera pamenepo kufika kudenga ikani waya wa maso aang'ono, kuti mpweya uzipita koma zilombo ndi mbalame zisalowe. Denga la udzu musalinyoze, pakuti ndi lozizira kuposa malata. Lifolereni bwino lisadonthe. Pansi yalani makoko a mtedza, amene kuno kwathu angotayidwa, kapena utuchi, kuya kwake masentimita 10 kufikira 15. Mikangala ija munkapachikapo fodya isanduke mitengo yogonapo, nkhuku iliyonse ikhale ndi malo a masentimita 20. Pangodya ya kamdima ikani madengu akale okhala ndi udzu wouma, dengu limodzi la matadzi 5. Beseni lobooka mudzaze phulusa ndi mchenga likhale bafa lawo.

Pa malo a mita imodzi mulitali ndi imodzi mulifupi musapyole nkhuku 5 kapena 6. Ndiko kuti nkhuku 120 za wamalonda uja zifuna khola la mamita 6 mulitali ndi 4 mulifupi. Kayeseni chigafa chanu, mwina ndi chachikulu kuposa pamenepo. Ngati mungathe kumanga kampanda kunja kuti zizituluka masana, ndi bwino koposa. Mangani masamba a nkhwani kapena bonongwe pa chingwe kuti zizijompha.

Khola lotere lili ndi ntchito yake, sitibisa. Makoko muziwatembenuza ndi khasu, ndipo pamene panyowa, makamaka pafupi ndi zomwera, chotsani msanga, pakuti nthenda ija ya magazi imakonda chinyezi. Mukadzaza nkhuku mopyola muyeso ziyamba kujomphana mpaka kutulutsana magazi, ndipo khalidwe limeneli likayamba ndi lovuta kuletsa. Mazira muzitola kawiri kapena katatu pa tsiku kuti asade kapena kusweka. Mphotho yake ndi yakuti pakutha pa chaka makoko aja asanduka manyowa amphamvu a kudimba ndi kumunda wa chimanga.

Chitopa sichisankha, chilowa m'keji, chilowa m'khola. Nyengo yake yaikulu ndi ino ya chilimwe. Katemera wa I-2, wa kadontho kamodzi m'diso, muzipereka miyezi 4 iliyonse, ndi nkhuku zanu zachikuda zomwe. Nkhuku yachilendo, yogula kapena yopatsidwa ndi achibale, isalowe m'khola tsiku lomwelo. Ikhale payokha milungu iwiri.

Tinenenso za ndalama, pakuti ndi pamene pagona nkhani. Pa ulimi wa mazira chimene chimadya ndalama zambiri ndi chakudya, osati nyumba. Mwanapiye wa mazira adya miyezi pafupifupi 5 asanakupatseni dzira ndi limodzi lomwe. Taona anthu atathera ndalama zonse pa waya, n'kusowa zogulira chakudya mwezi wachitatu, n'kuyamba kupatsa madeya okhaokha. Nkhuku ya m'keji pa madeya okha siikira, pakuti ilibe mwayi wotola chiswe kapena kamsipu. Ife tikadakhala inu, tikadayamba ndi nkhuku 40 kapena 50, ndalama ya keji n'kuisungira chakudya ndi katemera. Chimanga ndi soya mulima nokha, ndipo Mlangizi akhoza kukuphunzitsani kusakaniza. Kwa amene afuna kuyamba pang'ono, nkhuku zakuda za Mikolongwe, zimene Boma lidayamba kufalitsa m'zaka za m'ma 1950, zimapirira za kumudzi kuposa zakumafamu, ndipo ziikira kuposa zachikuda.

Tisathe kuloza chala amalonda ife eni tili ndi zathu. Pa msewu wopita ku msika timaona nkhuku zomangidwa miyendo, zolendewera chamutu pa handulo ya njinga kuchokera m'mawa, ndi zina zopanikizana m'chitatanga padzuwa popanda madzi. Timaona mbuzi yomangidwa pakaliyala, mutu ulikugunda matayala. M'midzi ina nkhumba ili m'kakhola koti singatembenuke, matope ofika m'mimba dzinja lonse. Ameneyo ndi keji ndithu, kungoti ndi wa mitengo. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza nyama ku nkhanza, ndipo ku Lilongwe kuli bungwe la LSPCA, limene lidayamba mu 2008, lophunzitsa anthu ndi kuchiza ziweto. Koma kukulitsa khola la nkhumba ndi kuikamo pouma pogona sikulira lamulo, kulira nsichi zingapo ndi tsiku limodzi la ntchito.

Tsono Bambo, yankho lathu ndi lakuti keji musagule. Musanayambe kukonza chigafacho khalani pansi ndi mayi a kunyumba, pakuti pamudzi odziwa nkhuku ndi iwo, ndipo ntchito ya madzi ndi kutola mazira idzagwera iwo ndi ana. Amve ndi kuvomereza, ndiponso mugwirizane za ndalama ya mazira. Mukatero kaitaneni Mlangizi wa ziweto wa dera lanu adzayese malowo ndi kukuuzani kumene mungapeze anapiye abwino. Mudzatilemberenso nkhuku zikayamba kuikira. Mlungu wa mawa tikamba za nazale.