Cipewa ca Chaplin Sicibisa Mlandu

Pamene zithunzithunzi za bayisikopo zinafika ku Migodi ya Mkuwa, ca m'ma 1928, anchito a m'makomboni a Kitwe ndi Ndola anapeza bwenzi mwa Charlie Chaplin. Iyeyu sanali kulankhula, cotero Mbemba, Mlozi ndi Mcewa anali kumumva cimodzimodzi. Munthu wa nsapato zazikulu ndi kandodo, wothamangitsidwa ndi apolisi ndi akapitao, anali ngati mbale wao. Nkosadabwitsa, pakuti iye mwini anabadwira mu umphawi ku London mu 1889, nasungidwa m'nyumba ya amphawi ali mwana, amai ace atadwala misala.

Koma alipo ena amene amati cifukwa ca ubwana wowawawo, ndi cifukwa ca luso lace, za m'nyumba mwace zisakambidwe. Amenewa alakwa ndithu.

Mu 1918 Chaplin, ali ndi zaka 29, anakwatira Mildred Harris, mtsikana wa zaka 16, ndipo ukwatiwo unatha patapita zaka ziwiri. Mu 1924, ali ndi zaka 35, anacitanso comweco ndi Lita Grey, nayenso wa zaka 16. Lita ameneyu anamdziwa ali kamwana ka zaka 12, pa nchito ya cithunzi ca The Kid. Atamsankha kuti asewere mu The Gold Rush, mtsikanayo anatenga pakati, ndipo Chaplin anapita naye ku Mexico kukamanga ukwati mwakacetecete, poopa malamulo a ku California. Malo ace m'cithunzimo anapatsidwa kwa wina. Kodi kapitao wa ku Nkana atacita cotere ndi mwana wa wanchito wace, akulu a ku Wusakile akadamyamikira cifukwa amaseketsa anthu?

Omteteza amakonda kuchula caka ca 1952, pamene boma la America linamtsekera njira yobwerera pomganizira za cikomyunizimu, nakakhala ku Switzerland kufikira imfa yace mu 1977. Kumeneko analakwiridwadi, ndipo ukwati wace ndi Oona O'Neill unakhalitsa zaka 34. Koma mlandu wa 1952 ndi wina, wa Lita ndi wina. Polekana mu 1927 Lita analandira madola oposa 600,000, ali mai wa ana awiri asanakwanitse zaka 20, ndipo nchito imene anamlonjeza ija sanaionenso.