Musamuyese mwana ndi supuni ya chiponde

Pa WhatsApp pakuyenda uthenga woti mwana amene amatupa akadya mtedza muzimudyetsabe chiponde tsiku ndi tsiku mpaka thupi lizolowere, ati madokotala a ku London anatsimikiza kale. Bodza limeneli likhoza kupha mwana. Chotikwiyitsa n'choti akulitumiza ndi makolo odziwa kuwerenga, osaima n'komwe kuti afunse.

Kafukufuku akumunamizirayo alipodi. Amatchedwa LEAP, ndipo anamutsogolera Pulofesa Gideon Lack wa ku King's College London mogwirizana ndi Immune Tolerance Network ya ku America. Zotsatira zinatuluka mu 2015. Pa makanda 640, ena ankapatsidwa chakudya cha mtedza, ena ayi. Atakwana zaka 5, mwa osadyawo pafupifupi 17 pa 100 alionse thupi linkaukana mtedza, pomwe mwa odyawo anali 3 okha pa 100 alionse.

Koma ofufuzawo ankafuna njira yopewera vutoli lisanayambe. Mwana aliyense anayamba wayezedwa pakhungu, ndipo amene anaonetsa kuti thupi layamba kale kuukana kwambiri mtedza sanaloledwe kulowa nawo. Ndiye kuti mwana amene uthengawu ukuti mumudyetse ndi yemwe uja madokotalawo anamubweza pakhomo. Mukufuna kuchitira kukhitchini zimene iwo anakana kuchita m'chipatala?

Chithandizo chozoloweretsa thupi chilipo. Mankhwala a Palforzia, omwe America inavomereza mu 2020, amayambira pa theka la miligiramu, dokotala ali pompo, jakisoni wa adrenaline ali pafupi. Supuni ya chiponde ndi yochuluka kuposa pamenepo kamasauzande. Ngakhale ndi chisamaliro chonsecho ana ena amadwalabe, ndipo mankhwalawo sachiritsa, amangochepetsa ngozi. Zikavuta, mmero umatupa, mwana amabanika, amatha kukomoka m'mphindi zochepa. Ganizirani zitachitika usiku, kuchipatala kuli kokwera njinga.

Zoti zidzolo ndi umboni wakuti thupi likulimba n'zopeka chabe. Ndipo mtedza wosasinja umatsamwitsa ana aang'ono, kaya thupi lawo limaukana kaya ayi.

Amayi amene mumathira nsinjiro m'phala la mwana yemwe sanavutikepo nazo, pitirizani. Koma ngati anatupapo milomo kapena maso, kapena kutuluka zidzolo atangodya, musamupatsenso mpaka dokotala amuone. Akayamba kubanika, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo.