Mlendo Amadza ndi Kalumo Kakuthwa

M'dziko la United States muli makoleji a boma a zaka ziwiri amene amamangidwa pafupi ndi kumene anthu amakhala. Koleji yoyamba ya mtundu umenewu, Joliet Junior College, idatsegulidwa ku Illinois mu 1901. Popeza fizi yake ndi yotsika, kumeneku ndi kumene amathamangira ana a anthu osauka, amayi olera ana ndi anthu amene amagwira ntchito usana n'kumaphunzira usiku. Akatha zaka ziwirizo, ena amapita kuyunivesite kukatsiriza digiri ya sayansi ya miyala, nthaka ndi madzi. Koma akafika kumeneko amakhala ngati mlendo amene waitanidwa kuphwando koma osayalidwira mphasa. Khalidwe limeneli n'loipa ndipo liyenera kutha.

Choyamba, mayunivesite ambiri amakana kuwerengera maphunziro ena amene ophunzirawa adakhoza kale. Mu 2017, ofesi ya boma ya Government Accountability Office idapeza kuti ophunzira amene adasintha sukulu pakati pa 2004 ndi 2009 adataya pafupifupi magawo 43 pa 100 alionse a maphunziro otere. M'sayansi ya miyala vutoli limakula chifukwa maphunziro ake ndi olumikizana ngati unyolo. Munthu sangamvetse mmene miyala idapangikira asanadziwe tinthu timene timapanga miyalayo. Ngati phunziro loyambalo limaphunzitsidwa kamodzi pa chaka, wolibwereza amataya chaka chathunthu pamodzi ndi ndalama zake.

Chachiwiri, mayunivesite ambiri amafuna kuti ophunzira a sayansiyi akakhale kumapiri kwa masabata angapo pa tchuthi, kukapima miyala ndi kujambula mapu. Phunziro limeneli n'lofunika, pakuti katswiri wa miyala sapangidwira m'kalasi mokha. Koma pamafunika ndalama zolipirira, tenti ndi nsapato zolimba. Nanga amene amadalira ntchito yake kuti alipire lendi, ntchitoyo aisiyira yani? Nanga mayi amene ali ndi mwana wamng'ono?

Pali ena amene amati ophunzira ochokera m'makoleji aang'onowa ndi ofooka, choncho kuwathandiza n'kutsitsa ulemu wa yunivesite. N'zoona kuti ambiri sakhoza bwino m'teremu yawo yoyamba. Katswiri wa zamaphunziro John Hills adalemba za chimenechi mu 1965, koma adaonanso kuti kawirikawiri amadzukanso akazolowera. Mbande yowokeredwa imayamba yafota, ndipo mlimi wanzeru amaithirira, saizula ayi. Wophunzira amene wafika m'chaka chachitatu amapeza anzake atadziwana kale ndi aphunzitsi, atagawana kale malo a kafukufuku. Kusungulumwa kumeneku sikuyenera kutchedwa umbuli.

Chigawo cha California chidaonetsa kuti zinthu zikhoza kusintha. Mu 2010 chidakhazikitsa lamulo lakuti wophunzira amene watsiriza maphunziro ogwirizanidwa kukoleji ya zaka ziwiri apatsidwe malo m'mayunivesite a California State. Chigawochi chili ndi chifukwa chomveka chofunira akatswiri a miyala: mng'alu wa San Andreas, wotalika pafupifupi makilomita 1,200, udagwedeza San Francisco mu 1906, ndipo alimi a m'chigwa cha Central Valley amapopa madzi a pansi mpaka nthaka kumatitimira. Ana okulira m'madera amenewa amawadziwa mavutowa ndi maso awo.

Komabe kutsegula chitseko kokha sikukwanira. Aphunzitsi a m'makoleji ndi a m'mayunivesite akhale pansi n'kugwirizana za maphunziro, kuti wina asabwereze chimene adakhoza kale. Pakhale thumba lolipirira ulendo wa kumapiri. Wophunzira watsopano apatsidwe mlangizi tsiku loyamba, ndipo aitanidwe kukafukufuku asanachite kupempha. Akuluakulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Yunivesite imene imasiya mlendo wotere pakhomo imadzimana yokha.