Safunsa anadya phula

Mafuta odzozera tsopano ali ndi mtengo wake, madzi a m'botolo nawo ali ndi wake, ndipo wofuna kuonana ndi "papa" maso ndi maso ayambe wasiya envulopu kwa mlembi pakhomo. Amayi ogulitsa tomato akutapa mpamba, ena akukongola ku banki mkhonde, kuti akafese mbewu kwa mneneri. Odwala ena afika posiya mankhwala a kuchipatala chifukwa wina wawalengeza kuti achira. Mwana wa m'nyumba akangoti, "Amayi, kodi mafutawa achokera kuti?" amamutseka pakamwa, amvekere ali ndi chiwanda, akulimbana ndi wodzozedwa wa Mulungu. Safunsa anadya phula, ndipo phula la masiku ano anthu akuchita kuligula.

Malonda amenewa ndi akalekale. Cha m'ma 150 AD, m'tauni yaing'ono ya Abonoteichus, m'mphepete mwa nyanja ya Black Sea kumene lero ndi dziko la Turkey, munali munthu wina dzina lake Alexander. Mbiri yake analemba ndi Lucian wa ku Samosata, amene anaonana naye. Alexander anagula chinjoka choweta ku Pella, ku Macedonia. Usiku wina anakwirira dzira la tsekwe m'matope a maziko a kachisi amene anthu ankamanga, m'katimo atalowetsamo kamwana ka njoka. Kutacha anathamangira pamsika akubwebweta, khamu lili pambuyo mpaka kumaziko kuja. Anavuula dzira, kuliswa, kanjoka kali pachikhatho. Anthu anafuula kuti Asclepius, mulungu wa machiritso, wabadwanso pakati pawo.

Patapita masiku owerengeka anawaitanira m'kachipinda ka mdima. Anamupeza atadzikulunga chinjoka cha ku Pella chija, mutu wake weniweni ataubisa m'khwapa, poonekera ataika mutu wansalu wonga wa munthu, umene unkayasama iye akakoka ubweya wa kumchira kwa kavalo. Anthu ankalowera khomo ili n'kutulukira linalo, akukankhana, mitima ili m'mwamba. Panalibe woima n'kufunsa kuti kanjoka ka dzana kakula bwanji chotere. Mulunguyo anamutcha Glycon.

Wofuna kudziwa zam'tsogolo ankalemba funso lake n'kumata ndi phula kapena dongo. Alexander ankatenthetsa singano, kumatula bwinobwino, kuwerenga, n'kumatanso ngati sanakhudze. Yankho lililonse linali drachma imodzi ndi ma obol 2, ndipo Lucian akuti pachaka ankatolera ma drachma 70,000 kapena 80,000. Mafunso a anthu olemera amene anali ndi zinsinsi zoopsa sankawabweza. Ankawasunga, eni ake n'kukhala m'manja mwake mpaka kale. Aliyense amene anaululapo za m'banja mwake kwa mlembi wa mneneri, n'kuzimva Lamulungu zikutuluka pa maikolofoni ngati vumbulutso, aidziwa njira imeneyi.

Akuluakulu a boma ndiwo anamukuza Alexander. Rutilianus, nduna yolemekezeka ya ku Rome, anamukhulupirira mpaka kukwatira mwana wamkazi wa Alexander. Mliri waukulu utagwa mu ufumu wa Aroma cha m'ma 165, Alexander anatumiza mawu oti anthu alembe pa zitseko kuti matenda asalowe, ndipo m'nyumba zomwezo munatuluka maliro. Pa nkhondo ya mfumu Marcus Aurelius ku mtsinje wa Danube, analosera kuti akaponya mikango 2 m'madzi kudzakhala kupambana. Anaiponyadi. Mikango inasambira kutsidya, adani n'kuipha ndi zibonga, ndipo Aroma anagonja koopsa. Alexander anayankha kuti mulungu analonjeza kupambana koma sanatchule wopambanayo. Chinyengo ichi anachibwereka kwa alosi a ku Delphi, kumene mfumu Croesus ya ku Lydia inauzidwa kuti ikathira nkhondo Aperisi idzagwetsa ufumu waukulu, ndipo umene unagwa unali wake womwe. Maulosi a chisankho amene timamva kuno chaka cha mavoti chikayandikira amaumbidwa chimodzimodzi, ndipo andale akupitabe kukagwada kutsogolo makamera akujambula.

Amene anamuvutitsa Alexander anali magulu awiri osagwirizana pa china chilichonse. Loyamba linali la otsatira Epicurus, mphunzitsi amene anatsegula sukulu yake m'munda ku Athens cha m'ma 306 BC, nalandiramo akazi ndi akapolo omwe. Iye ankaphunzitsa kuti zinthu zonse zinapangidwa ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso, kuti milungu ilipo koma sililowerera za anthu, ndi kuti mantha a milungu ndi a imfa ndiwo amabera munthu mtendere. Mkhristu sangavomereze chiphunzitso chimenechi, koma munthu wochitsatira zinali zovuta kumuopseza ndi njoka yansalu. Gulu lachiwiri linali la Akhristu enieniwo. Pa miyambo yake ya usiku Alexander ankayamba ndi kulengeza kuti Akhristu ndi Aepikureya atuluke, ndipo buku la ziphunzitso za Epicurus analitentha pamsika n'kutaya phulusa m'nyanja. Zimenezi zikutanthauza kuti Akhristu a nthawi imeneyo sankapusitsika ndi njoka yake. N'zomvetsa chisoni kuti lero m'mapemphero ena wofunsa ndiye akutulutsidwa panja, pamene buku la Machitidwe limayamikira anthu a ku Bereya chifukwa chofufuza okha ngati zimene Paulo ankawalalikira zinali zoona. Ngati Paulo anafufuzidwa, mnyamata amene wagula suti yonyezimira chaka chatha ndani kuti asafunsidwe?

Inde, wofunsa naye amakumana nazo. Socrates anamwetsedwa poizoni mu 399 BC pa mlandu wonyoza milungu ya mzinda wa Athens ndi kusokoneza achinyamata. Lucian, amene anatumiza mafunso a msampha kwa Glycon n'kulandira mayankho osokonekera, anatsala pang'ono kuponyedwa m'nyanja ndi amalinyero amene Alexander anawalamula kutero, ndipo anapulumuka chifukwa woyendetsa chombo anakana kupha munthu. Atafuna kukasuma, bwanamkubwa wa chigawocho anamuletsa poopa Rutilianus. Komabe ovutika chifukwa chofunsa tingawawerenge ndi zala, pamene otaya chuma ndi moyo chifukwa chokhala chete anali mizinda yathunthu.

Vuto limayambira kunyumba ndi m'kalasi. Mwana wofunsa kuti "chifukwa chiyani" timamutcha wamwano, wongoloweza ndiye wanzeru. Wophunzira filosofi kapena mbiri ya Agiriki ndi Aroma ku Zomba amasekedwa kuti adzadya chiyani, ngati kuti kudziwa kusiyanitsa umboni ndi phokoso si luso lofunika pamudzi. Munthu woleredwa chotero akakula sayamba kufunsa mwadzidzidzi pamaso pa wolankhula malilime.

Alexander analosera kuti adzakhala zaka 150 n'kufa ndi mphezi. Anafa asanakwane zaka 70, mwendo utawola. Koma chipembedzo cha Glycon chinapitirira, njokayo inadindidwa pa ndalama, ndipo chosema chake cha mwala chinafukulidwa ku Constanța, ku Romania, mu 1962. Bodza likazika mizu silifa ndi mwini wake, n'chifukwa chake liyenera kufunsidwa lisanakule.

Abusa oona mtima, amene alipo ambiri, aphunzitse nkhosa zawo kuti kufunsa si tchimo. Ndipo inu amene mwasunga ndalama ya feteleza kuti mukagule mafuta, musanapereke funsani amene anachira ndi mafutawo, dzina lake ndi mudzi wake, mupite mukamuone.